Foni imodzi, ka sipika ndi ana 80: mmene ndimagawira kilasi yanga

Aphunzitsi anzanga a ku pulaimale, makamaka inu a magiredi ang'onoang'ono, tiyeni tikambe chilungamo. Mukalemba chiganizo pa bolodi n'kumaloza ndi kandodo, kilasi yonse imawerenga mokweza bwinobwino mpaka a hedi ali ku ofesi amagwedeza mutu kuti eee uko kuli ntchito. Koma itanani mwana mmodzi yekha mumulozere liwu la pakati pa chiganizo chomwecho, muone. Zii. Wina ayang'ana kudenga, wina ayang'ana mnzake, wina ayamba kuyimba chiganizo chonse kuchokera koyambirira chifukwa anachiloweza ngati kolasi ya ku tchalitchi. Kwaya imeneyi ine inandinamiza zaka zambiri ndithu.

Ndimaphunzitsa Giredi 3 pa sukulu ina kunja pang'ono kwa tauni ya Chipata. Kuyambira Januwale 2022 pamene boma linachotsa ndalama zonse za sukulu, ndi za PTA zomwe, ana anabwera ambiri, ndipo ndi zabwino, palibe amene angakane. Chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi opitirira 30,000 koma m'kilasi mwanga mutu sunachepe, ndili ndi ana 80 ndi kanthu, desiki imodzi anayi, ena pansi. Mmenemo muli wowerenga nkhani yonse osapunthwa, muli wosadziwa kusiyana kwa b ndi d, muli wobwera kuchoka ku Petauke wokamba Chinsenga, muli wosaona bwino bolodi, muli mnyamata wa zaka 12 amene anachedwa kuyamba chifukwa anali kubusa ng'ombe. Onsewa phunziro limodzi, liwiro limodzi, buku limodzi? Sizitheka.

Mu mawekishopu amatiuza za matabuleti ndi makompyuta, ife timawomba m'manja, timabwerera ku sukulu, palibe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zomwe ndilembe pano ndi za foni imene ili kale m'thumba mwanu ndi ka sipika kotchipa, koma musanagwire foniyo pali ntchito ina yoyamba, ndipo mukailumpha zonse zotsatira zidzakhala zoseweretsa chabe.

Ntchitoyo ndi kuyesa mwana aliyense payekha. Amene munapita ku maphunziro a Catch Up mukuidziwa kale, pulogalamu ija yothandiza ana otsalira pa kuwerenga ndi masamu inayamba 2016 m'masukulu 80 a ku Chipata, Katete, Monze ndi Pemba, njira yake inachokera ku bungwe la Pratham la ku India, ndipo anaikonzera Giredi 3 mpaka 5. Olo simunapiteko mukhoza kuchita. Tengani pepala limodzi, mulembe malembo 10 osatsata ndondomeko, mawu 10 osavuta, kandime ka ziganizo zinayi, ndi kankhani kakafupi. Mwana muyambe naye pa kandime. Akawerenga bwino mumukweze ku nkhani, akalephera mumutsitse ku mawu, akalepheranso ku malembo. Mapeto ake mwana aliyense agwera pa malo amodzi mwa asanu: woyamba kumene, wa malembo, wa mawu, wa ndime, wa nkhani. Masamu chimodzimodzi, kuzindikira manambala kenako kuwonkhetsa, kuchotsera, kuchulukitsa, kugawa.

Mwana mmodzi amatenga mphindi zitatu kapena zinayi. Ine ndimachita pa buleki ndi poweruka, pansi pa mtengo wa mango, ana khumi ndi angapo pa tsiku, sabata imodzi ndi theka ndatha. Musamuyese anzake atamuzinga, amachita manyazi n'kulephera zomwe akudziwa. Ndipo pamene ali pafupi nanu choncho muzimuyang'ana bwino. Kodi pepala akulibweretsa pamphuno? Akutsinzinira diso limodzi? Mukakamba chapansipansi muli kumbuyo kwake akutembenuka? Akupendeketsa mutu kuti khutu limodzi liloze kwa inu? Mufunseni kuti kunyumba amakamba chiyani ndi agogo ake. Zonsezi lembani m'kope, kapena mu foni ngati mumadziwa Google Sheets, imagwira olo popanda netiweki mukaitchera, koma kope silitha batire. Temu yoyamba imene ndinachita izi ndinapeza kuti kamtsikana kamene ndinkakakalipira kuti ndi kamwano, kosayankha ukakaitana, khutu lake lakumanja linkatuluka mafinya. Ndinachita manyazi ine. Tinauza amake, anapita nako ku kiliniki, ndipo ndinakasamutsira kutsogolo mbali imene khutu labwino limaloza kwa ine.

Mukatha kuyesa mugawe magulu. Malo ndi asanu koma ine ndimapanga magulu atatu chabe chifukwa manja ndi awiri: oyamba kumene ndi a malembo pamodzi, a mawu paokha, a ndime ndi a nkhani pamodzi. Maina a magulu musamale nawo. Osati gulu A, B, C, ana si opusa, tsiku lomwelo adzayamba kunena kuti a C ndi mbuli. Anga ndi Nshawa (oyamba kumene ndi a malembo), Kandolo (a mawu) ndi Mpendadzuwa (a ndime ndi a nkhani), maina anasankha okha. Amadziwabe kuti ndani akuwerenga ndani sakuwerenga, sitingawabise, koma dzinalo silimutukwana mwana tsiku ndi tsiku. Ndipo gulu si mudzi woti munthu amangemo nyumba, pakapita masabata atatu kapena anayi yesaninso amene mukuona kuti asuntha, muwasamutse. Mwana amene ali Kandolo pa kuwerenga akhoza kukhala Mpendadzuwa pa masamu, mnyamata wanga wa ng'ombe uja malembo amamuvuta koma kuwerengera m'mutu palibe womuposa, anazolowera kuwerenga ng'ombe madzulo alionse polowa m'khola.

Tsopano vuto ndi ili, inu muli mmodzi magulu ali atatu. Mukakhala pansi ndi a Nshawa enawo azichita chiyani kupatula kumenyana ndi kuponyerana mapepala? Apa ndi pamene foni imalowa. Ntchito yake yaikulu kwa ine ndi imodzi: kundigawa pawiri. Mawu anga amaphunzitsa gulu lina panja pamene thupi langa lili mkati ndi amene akufunika dzanja langa.

Chitani chonchi. Madzulo kunyumba, chigayo chikazima, ana atagona, tsegulani rekoda ya pa foni muwerenge nkhani ya m'buku imene gulu la mawu lidzagwiritsa ntchito. Lowani kuchipinda kumene kuli zovala ndi matiresi, mawu amamveka bwino kuposa pa balaza pamene makoma amabweza mawu. Foni ikhale ngati chikhato chimodzi kuchoka pakamwa. Muwerenge pang'onopang'ono kuposa mmene mumakambira, ndipo muzikamba ndi anawo ngati mukuwaona. Ine ndimayamba kuti, a Kandolo mwadzuka bwanji, tsegulani tsamba 14, ikani chala pa liwu loyamba, amene sanapeze akweze dzanja mnzake amuthandize, ndiye ndimakhala chete kuwerenga mumtima mpaka 10. Ndimawerenga chiganizo, ndikuti bwerezani, n'kusiya mpata wokwanira kuti abwereze. Mpata umenewu ndiye chinsinsi chake, poyamba ndinkausiya waufupi ndipo sipika inkathamanga kuwasiya ana m'mbuyo. Pofika potembenuza tsamba ndimawomba m'manja kamodzi. Kumapeto mafunso awiri kapena atatu, ndi kuwauza choti alembe m'makope. Zonse zisapitirire mphindi 8, kuti athe kumvera kawiri.

Mukalakwitsa liwu musafufute n'kuyambiranso, mudzagona 24 koloko. Nenani kuti pepani ndalakwitsa, tibwereze. Ana amakondwa kumva kuti madamu nawonso amapunthwa.

Za sipika, mukapita ku msika wa Kapata kapena m'mashopu a ku Down Shops musagule chifukwa cha magetsi ophethira aja. Funsani imene ili ndi polowetsa memori kadi kapena fulashi. Chifukwa chake n'chakuti simukufuna kusiya foni yanu m'manja mwa ana a Giredi 3 pansi pa mtengo, ndiponso Bluetooth imaduka mukatalikira pang'ono, makamaka pakakhala khoma pakati. Ndi memori kadi foni imakhala m'thumba mwanu. Yesani pomwepo pa shopu musanalipire, mutenge kadi yanu muli kale mawu anu, chifukwa mafoni ambiri amajambula mu mtundu wa fayilo wotchedwa m4a pamene masipika otchipa ambiri amawerenga wa mp3 chabe. Ine ndinafika nayo m'kilasi ndili ndi chidaliro chonse, ndikudina, ndikudina, zii, ana akundiyang'ana. Ngati rekoda yanu ilibe posankha mp3, dawunilodani apu ina yojambula imene ili napo, zilipo zaulere. Mafayilo muwapatse maina oyamba ndi nambala, 01, 02, 03, ndipo pa kadi ya kusukulu musaikepo nyimbo zanu. Chosavuta kwambiri ndi kusiyapo fayilo ya tsiku limenelo yokha kuti mwana wodina asasochere.

Ndipo ngati tsiku lina mwalumikiza foni ku sipika mwachindunji, ikani pa fulaiti modi. Ndikubwereza, fulaiti modi. Tsiku lina ndinaiwala, ndinkafuna kuyatsa nkhani ya kalulu koma chala chinagwa pa voisi noti ya WhatsApp imene inali itangolowa, kilasi yonse inamva alamu anga akundikumbutsa za ndalama ya feteleza ndi mawu okwera bwino. Mpaka temu kutha ndikalowa m'kilasi pamakhala wina wonong'ona kuti feteleza.

Ola la kuwerenga ndimaligawa patatu, mphindi pafupifupi 18 chigawo chilichonse, zotsalazo ndi zoyendera. Malo oyamba ndi pa mphasa kutsogolo ndi ine. Achiwiri ndi panja pa mthunzi ndi sipika, poonekera pa windo kuti diso langa lizifika. Achitatu ndi pa madesiki, ntchito ya manja: makadi a maphatikizo odula ku makatoni a sopo, ba be bi bo bu, kupanga mawu n'kuwalemba, kapena zitsekerero za mabotolo ndi timitengo tomanga m'mitolo ya 10 ngati ndi masamu. Alamu ya pa foni ikalira onse amasuntha. Koma sindigawa nthawi yanga mofanana ayi, a Nshawa ndimayamba nawo tsiku lililonse m'mawa mitu ikadali yozizira, ndipo masiku ena ndimakhala nawo zigawo ziwiri, a Mpendadzuwa n'kuwaona mawa lake. Wina anganene kuti ndi tsankho. Ine ndimati amene sadziwa malembo mu Giredi 3 akapanda kuwadziwa chaka chino ndiye kuti tamutaya, pamene wowerenga kale tsiku limodzi silimupha.

Gulu lililonse lofika pa sipika limamvera fayilo yake. A Nshawa yawo ndi ya maliwu a malembo ndi kanyimbo, ali ndi makadi m'manja, ndikati mmm akweze m. Gulu lililonse likhale ndi wodina batani, wogawa mabuku ndi woyang'anira phokoso, ndipo muzisintha sabata iliyonse, mukapanda kutero anyamata akuluakulu amalanda sipika atsikana n'kumangoonerera.

Sabata yoyamba kudzakhala chipwirikiti, musadabwe ndipo musasiye. Masiku atatu oyamba musaphunzitse n'komwe zambiri, muziwaphunzitsa kuyenda: alamu yalira, imirira, tenga kope, pita uko osathamanga. Bwerezani ngati pa pareti. Uzaninso a hedi ndi a siniya ticha musanayambe, ndipo mu lesoni pulani mulembe bwinobwino kuti gulu lakuti lili panja likuchita chakuti, kuti akabwera oyendera masukulu asaone ngati ana mwawathamangitsa. Nyengo ya mvula gulu la panja limakhala pakhonde, ndipo mvula ikagunda malata kwambiri palibe sipika imene imamveka, tsiku limenelo timangotembenukira ku makadi.

Chachiwiri chimene foni imachita bwino ndi kujambula mwana akuwerenga. Mphindi imodzi chabe, kenako mumuyatsire adzimve yekha akutsata ndi chala m'buku. Amadzigwira yekha, mumva akuti aa apa ndalumpha. Ana amanyazi amene sangatsegule pakamwa pamaso pa anzawo 80 amawerengera foni bwinobwino kuseri kwa chitseko. Sungani ya Januwale, mudzajambulenso mu Malichi, muwayatsire amake pa tsiku lotenga malipoti. Mayi wina atamva mwana wake anangogwira pakamwa n'kunena kuti a madamu, ndi wanga uyu? Koma chonde aphunzitsi anzanga, nkhope za ana a eni musaziike pa Facebook kapena pa sitetasi, olo mwana wachita bwino chotani, makamaka uja wovutika kuwerenga, mawa adzakula n'kupeza anthu akumuseka. Ine ndimajambula mawu okha, ndipo makolo ndinawauza pa msonkhano.

Kamera nayo ili ndi ntchito. Mwana wosaona bwino, mujambulireni zimene zili pa bolodi mumupatse foni akulitse ndi zala ziwiri pamene akukopera, ali pafupi ndi tebulo lanu. Mu Settings ya Android, pa Accessibility, muli Magnification ndi pokulitsira malembo, yatsani. Ana achialubino ambiri maso awo saona patali ndipo kuwala kumawapweteka, choncho kukhala kutsogolo kokha sikukwanira, akhale pamene dzuwa la pa windo silimuwomba kumaso, mumulole kuvala chisoti m'kilasi, ayandikire bolodi akafuna popanda kupempha, ndipo pepala lake mulilembe ndi maka yakuda malembo akuluakulu. Bolodi likayera ndi choko lipakeni, choko choyera pa bolodi lotuwa ndi chilango olo kwa wa maso abwino. Ngati mukuona kuti vuto ndi lalikulu musalimbane nalo nokha ndi foni, kambani ndi makolo apite naye kuchipatala akamupime, ndipo tili ndi mwayi kuno kuti ku Magwero kuli sukulu ya ana osaona ndi ya ana osamva, aphunzitsi a kumeneko amadziwa zimene ife sitinaphunzire mokwanira ku koleji. Wosamva bwino, muzimuyang'ana pokamba, osakamba mutatembenukira ku bolodi, ndipo pa sipika akhale woyandikira kwambiri ali ndi buku lakelake.

Pa sayansi ndimajambula zinthu za pompano, mbozi ili mu mtima wa chimanga, mizu ya nshawa ndi timapundu take, phazi la nkhuku, n'kukulitsa chithunzi ndikuzungulira nacho gulu ndi gulu. Koma ngati chinthucho chingathe kubwera m'kilasi, chibwere chenichenicho. Phata la nshawa lozula kudimba limaposa chithunzi chilichonse.

Ndikhalitse pang'ono pa chilankhulo chifukwa kuno kum'mawa timadzinamiza kuti tonse timakamba chimodzi. Buku likuti madzi, mwana wa ku Petauke kapena Nyimba akuti manzi, wa ku Lundazi akuti maji. Buku likuti nyumba, Mnsenga akuti ng'anda. Buku likuti tsopano, uyu akuti lomba, wa m'makomboni a mu Chipata ngati Mchini kapena Navutika akuti manje. Mwana akayankha kuti manzi sanalakwe, wamva funso ndipo wayankha zoona, mukamuseka kapena kulola anzake amuseke sadzakwezanso dzanja mpaka Disembala. Ine ndimati eya, manzi, m'buku alemba madzi, tiyeni tione kusiyana kwake, ndipo pa khoma tili ndi manila pamene timalemba mawu otere moyandikana. Ana amakonda kubweretsa mawu a kwawo kuti alowe pa manila. Kenako pali Chingerezi pamwamba pake, chimene ambiri amachimva kusukulu kokha. Pojambula mawu a Chingerezi ndimatchula liwu, ndimatanthauzira mu Chinyanja, ndimatchulanso, n'kusiya mpata.

Chinthu china chimene chinayenda kuposa mmene ndinkaganizira ndi kujambula agogo. Ndinapempha agogo ena a pafupi ndi sukulu kuti andisimbire nthano, ndinajambula, ndinailemba pa manila mawu ake momwemo. Sipika itangoti padangokhala, gulu lonse panja linayankha tili tonse popanda wowauza, ndipo pofika pa nyimbo ya pakati anavomera onse. Mdzukulu wawo, amene ali mu Nshawa, sabata imeneyo ankayenda ngati mfumu. Tsopano ndili ndi nthano zingapo, ina mu Chinsenga.

Zowerenga zina mungazipeze pa intaneti. African Storybook ili ndi timabuku taulere ta zithunzi m'zilankhulo zambiri za mu Africa, fufuzani pa Chinyanja ndi pa Chichewa pomwe. Bloom Reader nayo mumadawuniloda buku kamodzi n'kumawerenga popanda bandulo. Ngati sukulu ili ndi laputopu, Kolibri ndi pulogalamu imene anaipangira malo opanda intaneti, mukaikamo zinthu kamodzi basi. Chenjezo limodzi: mabuku a ku Malawi amalemba ch pamene mabuku athu a kusukulu amalemba c, chimanga ndi cimanga. Kwa a Mpendadzuwa si vuto, muwauze kamodzi amva. Kwa a Nshawa amene angophunzira kumene liwu la c musawasokoneze, koperani nkhaniyo pa manila m'kalembedwe ka m'buku lawo. Ndipo chilichonse muyambe mwachiwerenga kapena kuchionera nokha mpaka kumapeto, vidiyo ya pa YouTube musaiyatse mwachindunji pamaso pa ana, simudziwa malonda amene adzatulukire pakati.

Bandulo ndi ndalama, ndiye musadawunilode aliyense payekha. Mmodzi akapita ku tauni atenge, pa TGM (msonkhano wa aphunzitsi a pa sukulu) kapena pa msonkhano wa zoni mugawane pa apu yotumizirana mafayilo ya Xender kapena pa Bluetooth. Ife a Giredi 3 pa zoni yathu tinagawana, wina amajambula nkhani za sabata 1 mpaka 4, wina 5 mpaka 8, motero. Ana amazolowera mawu a aphunzitsi ena, ndipo inu mumagona msanga.

Kwa amene sukulu zanu zili ndi matabuleti kapena pulojekita, kaya za boma kaya za mabungwe ngati Impact Network imene imagwira ntchito m'masukulu a kumidzi ku Katete ndi madera oyandikana nawo, mawu anga ndi ochepa. Zitulutseni m'kabati. Tabuleti yosungidwa kuopa kuti ingawonongeke batire yake imafa ili momwemo. Zilowe pa malo achiwiri aja m'malo mwa sipika, ana atatu pa imodzi, wapakati agwira, wakumanja adina, wakumanzere anena yankho, n'kumasinthana, ndipo phunziro lake likhale la pa mlingo wa gululo, osati la giredi. Mwana wa Giredi 3 amene ali pa malembo mutsegulireni za Giredi 1 popanda kulengeza. Pulojekita imafuna mdima, tchingani mawindo ndi zitenje, nsalu yoyera ya pabedi ikwanira ngati khoma ndi lakuda, ndipo vidiyo muziimitsa pakapita mphindi ziwiri zilizonse n'kufunsa, mukapanda kutero yasanduka shoo ya filimu. Za magetsi tonse tinaphunzira mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, pamene malaiti ankabwera maola ochepa pakati pa usiku. Ka sola kakang'ono ndi pawa banki zimakwanira foni ndi sipika. Chajani madzulo, ndipo m'chikwama muzikhala makadi nthawi zonse kuti batire ikafa phunziro lisafe nayo. Mu Okutobala sipika musaisiye padzuwa, ndipo muziisunga mu pulasitiki chifukwa cha fumbi.

Kuti mudziwe ngati amva, musafunse kuti mwamva, adzati inde madamu mpaka Yesu adzabwere. Aliyense akhale ndi kasileti, olo ka katoni kopaka penti ya bolodi. Mukufunsa, onse alemba, mukuwerenga mpaka 3, onse akweza nthawi imodzi. Pamenepo kwaya ilibe pobisala. Ine ndimajambula chithunzi masileti ali m'mwamba atabisa nkhope, madzulo ndimakulitsa n'kuona amene analemba d m'malo mwa b, mawa ndiyamba ndi iwowo, chithunzicho n'kufufuta.

A Mpendadzuwa musawasandutse aphunzitsi osalipidwa tsiku lililonse. Kuthandiza anzawo kamodzikamodzi ndi bwino koma nawonso anabwera kudzaphunzira. Anga amalemba timabuku tawo pa mapepala opinda pakati, za Nc'wala ku Mtenguleni, za kusaka mbewa akatha kukolola, za ulendo wa pa njinga kupita ku Mwami, kenako amaziwerenga pa rekoda ndipo zabwinozo zimalowa pa memori kadi kuti a Kandolo amvere. Mwana akadziwa kuti mawu ake adzatuluka pa sipika amabwereza kuwerenga kasanu popanda womukakamiza.

Otsala ndi ojomba. Nthawi yopalira, nthawi yokumba nshawa, mtsinje ukadzaza, tsiku la kabwandire, mukudziwa. Gulupu ya WhatsApp ya makolo imathandiza koma imafika kwa ochepa, ndipo amene ana awo akuvutika kwambiri nthawi zambiri ndi amene alibe foni yaikulu. Koma tifoni ta mabatani tambiri tili ndi Bluetooth ndi polowetsa memori kadi, timaimba mp3 bwinobwino, ndi mmene anthu amamverera nyimbo kumunda. Ndiye pa tsiku la msonkhano ndimauza makolo kuti bwerani ndi mafoni anu, ndimawatumizira mafayilo atatu kapena anayi, mwana ndimamupatsa kapepala ka nkhani yomweyo. Kholo silifunika kudziwa kuwerenga, lingodina batani madzulo pamene nsima ili pamoto.

Atate ake a mnyamata wa ng'ombe uja anabwera ndi kafoni komanga ndi labala, tinalimbana nako mpaka fayilo ya malembo inalowa. Akuti Loweruka amapita nako kubusa. Mwezi watha anachoka pa oyamba kumene kufika pa malembo, b ndi d akusinthanitsabe, p ndi q osakamba. Ndidzamuyesanso pa Chisanu pa buleki, ndamulembera kale mawu asanu: ng'ombe ndaisiya dala chifukwa ndi yovuta, ndaika mbuzi, khola, udzu, dambo ndi bulu.